Oyilo wotchipa ndi oyilo wa dzina: chimene injini ya boti imafuna

Boma la Mchinji lilibe nyanja. Madzi ake otchuka ndi mtsinje wa Bua, umene umayambira m'mapiri a m'bomali, n'kulandira Rusa panjira, kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota, kenako kukathira m'nyanja ya Malawi. Munthu wochokera pa boma la Mchinji, kuti akaone boti la injini likunyamuka ku Senga Bay, amayenda mtunda woposa makilomita 200, kudzera ku Lilongwe ndi ku Salima. Komabe usipa umene amayi amaunjika timilu pa msika wa Kamwendo, ndi wina umene umawoloka pa Mwami kupita ku Chipata, wambiri unatuluka m'madzi ndi mphamvu ya injini ya boti. Mu mtengo wa kamulu kalikonse muli kagawo ka petulo ndi oyilo amene injiniyo inamwa usiku umenewo.

Nkhani ya oyilo si yachilendo kwa anthu a ku Mchinji, chifukwa injini zazing'ono zili ponseponse. Pali njinga zamoto za kabaza zimene zimaboola fumbi pa msewu wa ku Mkanda, zigayo za dizilo m'midzi imene magetsi sanafike, mapampu othirira m'madimba ndi majenereta a m'mashopu. Eni ake amaima pa shelefu yofanana ndi imene mwini boti wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amaimapo, ndipo mutu umawazungulira mofanana. Uku kuli mabotolo a mayina odziwika: Castrol, Shell, Engen, TotalEnergies, ndi Yamalube wa kampani ya Yamaha. Uko kuli mabotolo a mayina amene munthu akuwamva koyamba, mtengo wake wotsika moonekeratu. Pansi pa zonsezi pali oyilo wopima, wotungidwa mu diramu n'kuthiridwa m'botolo la chakumwa, wopanda dzina ndi chizindikiro chomwe. Kodi ndalama yowonjezerayo ikugula oyilo wabwinodi, kapena munthu akungolipirira dzina ndi utoto wa botolo?

Funsoli lakula chifukwa thumba lachepa. Malawi sayenga mafuta, ndipo zopangira oyilo zonse zimabwera kuchokera kunja, zogulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo limene mnyamata wa kabaza ankagula osaganiza kawiri linasanduka chinthu choŵerengera zala. Palibe amene angam'dzudzule munthu wofunafuna chotchipa pa nthawi ngati imeneyi.

Amene amati munthu amangolipirira dzina sakunama kwenikweni. M'botolo lililonse la oyilo wa injini muli zinthu ziwiri. Gawo lalikulu, loposa magawo atatu mwa anayi, ndi oyilo woyengedwa, amene pa yekha amangoterera basi. Gawo lotsalalo ndi mankhwala osakanizamo: ena otsuka mwaye, ena oletsa dzimbiri, ena oteteza zitsulo kuti zisadyane, ena othandiza kuti oyilo asasungunuke ngati madzi injini ikatentha. Mankhwala amenewa sapangidwa ndi kampani iliyonse imene dzina lake lili pa botolo. Ambiri pa dziko lonse amachokera ku makampani anayi okha: Lubrizol, Infineum, Chevron Oronite ndi Afton. Kampani yaying'ono yosakaniza oyilo ku Durban kapena ku Dubai ikhoza kugula mankhwala a mtundu womwewo umene kampani yaikulu imagula. Ngakhale Yamaha ilibe malo oyengera mafuta. Yamalube amasakanizidwa ndi makampani a mafuta motsatira zimene Yamaha yalamula.

Vuto ndi lakuti mankhwalawo ndiwo odula, ndipo saoneka ndi maso. Wofuna kuba amaba pamenepo. Oyilo wopanda mankhwala okwanira amaoneka bwino m'botolo, amanunkhira ngati mnzake, ndipo akam'paka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, monga amachitira amakaniko ambiri, amanandanso bwino lomwe. Kunanda kumangosonyeza kulimba kwa oyilo pa nthawi imeneyo, sikunena kanthu za chimene adzachite mkati mwa injini yotentha patapita maola asanu.

N'chifukwa chake pali zilembo zing'onozing'ono kumbuyo kwa botolo, zimene ogula ambiri saziyang'ana. Manambala a SAE, monga 20W-50 kapena 15W-40, amanena za kulimba kwa oyilo pozizira ndi potentha. Zilembo za API, bungwe la ku America la American Petroleum Institute, zimanena za mphamvu ya mankhwala. Za injini za petulo zimayamba ndi S, ndipo chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo, mlingo umakhala watsopano: SL ndi wa 2001, SM wa 2004, SN wa 2010, SP wa 2020. Za dizilo zimayamba ndi C, monga CH-4 ndi CI-4. Botolo lolembedwa SA ndi lofunika kulithawa. Bungwe la API lenilenilo limanena kuti oyilo wa mlingo umenewu alibe mankhwala, ndipo sayenera kuthiridwa mu injini ya galimoto yopangidwa chitadutsa chaka cha 1930. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhaniyi kufunsa kwake ndi kutembenuza botolo.

Injini ya boti ili ndi zilembo zakezake, ndipo apa ndi pamene nkhani imasiyana ndi ya galimoto.

Maboti ambiri a asodzi pa nyanja ya Malawi amayendera injini zokoleka kumbuyo za mtundu wa two-stroke, monga Yamaha Enduro za mphamvu 15 kapena 40. Injini yotere ilibe thanki ya oyilo pansi pake. Oyilo amasakanizidwa ndi petulo, amalowa naye limodzi mu injini, amanyowetsa zitsulo akudutsa, kenako amapsa n'kutuluka ndi utsi. Ntchito yake amaigwira kamodzi kokha, m'kamphindi, ndipo chilichonse chimene sichinapse chimatsala mkatimo. Kuwonjezera apo, injiniyi imazizira ndi madzi a m'nyanja, choncho siitentha mofanana ndi ya njinga yamoto. Imagwiranso ntchito mosiyana. Boti lilibe chitsikira chakuti injini ipumeko. Likanyamuka madzulo litasenza ukonde wa chilimira, mabwato ndi alovi, injini imakankha madzi mwamphamvu ulendo wonse. Likafika pamalo ophera, imayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali, ndipo nthawi imeneyi ndi imene mwaye umakonda kuunjikana pa pulagi ndi pa maring'i a pisitoni.

Oyilo woyenera ntchito imeneyi ali ndi chizindikiro cha TC-W3. Chimaperekedwa ndi bungwe la opanga maboti ndi injini zake ku America, National Marine Manufacturers Association, limene limafuna kuti oyiloyo ayesedwe mu injini zenizeni za maboti, aone ngati maring'i sakumata, ngati mwaye sukuchuluka ndiponso ngati akusakanikirana bwino ndi petulo. Chachikulu pa oyilo wa TC-W3 n'chakuti mankhwala ake sasiya phulusa akapsa. Bungweli limasindikiza pa intaneti mndandanda wa oyilo amene anapambana mayesowo, ndipo botolo loona limakhala ndi nambala ya chiphaso. Neptuna wa TotalEnergies, Nautilus wa Shell ndi Yamalube wa maboti ali m'gulu limeneli, koma mulinso mayina ambiri osatchuka. Aliyense wa iwo anawoloka mtsinje umodzimodzi.

Zolakwika ziwiri zimabwerezedwa kawirikawiri. Choyamba ndi kuthira oyilo wa galimoto, monga SAE 40, mu petulo wa boti. Oyilo wa galimoto sanapangidwe kuti azipsa. Mankhwala ake otsuka ali ndi zitsulo monga kashiamu, ndipo akapsa amasiya phulusa lolimba pamutu pa pisitoni. Phulusalo likayaka ngati khala, limayatsa petulo nthawi isanakwane, ndipo likhoza kuboola pisitoni. Chachiwiri n'chobisika pang'ono. Botolo lolembedwa 2T silikhala la boti nthawi zonse. Pali 2T wa njinga zamoto ndi makina ochekera matabwa, wolembedwa JASO FC kapena FD, amene anapangidwira injini zozizira ndi mphepo. Ameneyu ndi oyilo wabwino pa ntchito yake, ngakhale atakhala wa dzina lalikulu chotani, koma mu injini ya boti amadetsa pulagi. Munthu akhoza kulipira ndalama zambiri, kugula choona, n'kukhalabe atagula cholakwika.

Akuluakulu ena a kunyanja amatsutsa zimenezi, amati kale ankathira oyilo wa galimoto ndipo injini zinkayenda. Akunena zoona. Injini zakale zinkapangidwira zimenezo, ndipo zinkamwa oyilo wochuluka modabwitsa. British Seagull, injini ya ku England imene inafalikira m'mayiko ambiri, inkafuna muyeso umodzi wa oyilo pa miyeso khumi ya petulo. Inkazungulira pang'onopang'ono, inkafuka utsi ngati ng'anjo ya njerwa, ndipo mwini wake ankazolowera kutsuka pulagi. Injini ya masiku ano imathamanga kwambiri, zitsulo zake n'zothinana, ndipo imamwa oyilo wochepa kasanu. Nzeru ya madala aja inali yoona pa makina amene anali nawo.

Muyeso wa lero pa injini zambiri za mtundu wa Enduro ndi 50:1. Ndiye kuti mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena theka la lita pa thanki ya malita 25. Injini ikakhala yatsopano, kapena itangoikidwa maring'i ena, buku lake limalamula oyilo wowirikiza kawiri, 25:1, pa maola khumi oyamba. Kuchepetsa oyilo pofuna kusunga ndalama kumamatitsa pisitoni. Kuchulukitsa poganiza kuti ndi chikondi kumatseka pulagi ndi mwaye. Ndipo kupima ndi maso, usiku, pa mchenga, ndi kumene kwapha injini zambiri kuposa dzina la pa botolo. Kabotolo kolembedwa mizere ya muyeso n'kotchipa kuposa pulagi imodzi.

Muyeso umenewu ukuonetsanso kuchepa kwa ndalama imene ikukanganidwa. Mwachitsanzo chabe, lita ya oyilo wa dzina itakhala pa mtengo wofanana ndi malita asanu a petulo, theka la lita lingafanane ndi malita awiri ndi theka. Wogula oyilo wa theka la mtengowo wapulumutsa ndalama ya lita imodzi ndi kota pa thanki yonse ya malita 25. Injini ya mphamvu 40 ikatsegulidwa yonse imamwa malita oposa 15 pa ola, choncho lita ndi kota ija imatha m'mphindi zisanu. Kuchepetsako liwiro pang'ono popita ndi pobwera kungapulumutse ndalama yoposa pamenepo popanda kuika injini pachiswe.

Chilango cha kulakwa n'chosiyananso. Njinga ya kabaza ikanoka pakati pa Kamwendo ndi Kapiri, wokwera amatsika, mwini wake amaikankha, tsiku lawonongeka. Injini ya boti ikazima usiku pakati pa nyanja, m'miyezi ya mwera, pamene mphepo ya kummwera imautsa mafunde kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, boti limatembenukira cham'mbali ku mafunde, ndipo mkatimo muli anthu pafupifupi khumi amene ana awo akudikira kumtunda. Ngakhale nyanja itakhala bata, usipa sudikira. Ukachedwa kufika pa thandala umayamba kuwonongeka, ndipo phindu la usiku wonse limathera pompo. Mwini boti amene amatsala kumtunda n'kutumiza alovi ndi oyilo wopima wosadziwika kochokera, akuika moyo wa anthu ena pa mtengo wa lita ndi kota ya petulo. Zimenezi zilibe chowiringula.

Ku America mkangano wa oyilo wotchipa ndi wa dzina ndi wakale, koma uli pa maziko ena. Kumeneko wotchipa amatanthauza oyilo ngati SuperTech wa sitolo za Walmart, amene ali ndi chiphaso cha TC-W3 ngati anzake odula. Kulinso lamulo la 1975 lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act, limene limaletsa wopanga makina kukakamiza wogula kugwiritsa ntchito oyilo wa kampani yake yokha kuti chitsimikizo cha makinawo chisafe. Anthu kumeneko amatsutsana pa kusiyana kwa wabwino ndi wabwino koposa. Oyilo wodula, makamaka wa synthetic, amafukadi utsi wochepa ndipo amasiya mwaye wochepa, ndipo injini zamakono zopopera petulo mwachindunji zimapindula naye. Koma injini wamba ya kabuleta, ngati imene ili pa maboti a ku Senga Bay, imakhutira ndi aliyense wa TC-W3 weniweni.

Liwu lakuti weniweni ndi limene likulemera ku Malawi kuno. Dzina lalikulu ndi limene akuba amakonda kubera, chifukwa ndi limene lili ndi mtengo. Njira yake ndi yodziwika m'mayiko ambiri a mu Africa: kutolera mabotolo otha, kuthiramo oyilo wotsika kapena wogwiritsidwa kale ntchito amene wangosefedwa, kutseka bwino n'kubwezera pa msika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zizindikiro zimakhalapo kwa wodekha: mkombero wa pa chitsekero wodulidwa kale kapena womatidwa, pepala la pa botolo lofufuma kapena lolembedwa molakwitsa, kusowa kwa nambala ndi tsiku limene oyiloyo anapangidwa, zinyalala pansi pa botolo, fungo la chopserera, ndi mtengo wotsika mosagwirizana ndi wa kwina konse. Motero funso lakuti wagula kuti limaposa funso lakuti wagula dzina lanji. Botolo la dzina lalikulu logulidwa pa thebulo la m'mbali mwa msewu n'lokayikitsa kuposa la dzina laling'ono logulidwa pa malo omwetsera mafuta kapena kwa wogulitsa wovomerezeka amene amapereka lisiti.

Ku Mchinji nkhaniyi ili ndi nkhope ya m'malire. Kwa anthu a pa boma, Chipata ndi pafupi kwambiri kuposa Lilongwe, ndipo mabanja, chinenero ndi malonda n'zolukana kuyambira kale. Mu Disembala 2022, atsogoleri a Malawi ndi Zambia pa nthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, kumene ntchito za mayiko awiriwa zimachitikira pamalo amodzi. Katundu wodutsa pamenepo amakhala ndi mapepala, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi udindo woona ubwino wa katundu wolowa m'dziko. Koma malire ndi aatali, ndipo njira zachidule zodutsa m'minda ndi m'midzi n'zosawerengeka. Oyilo wochokera ku Zambia si woipa chifukwa chakuti ndi wa ku Zambia. Ku Chipata kuli malo omwetsera mafuta ogulitsa katundu woona ngati a ku Lilongwe. Chovuta ndi katoni imene yabwera pa njinga usiku, imene palibe angaloze kumene inachokera, ndipo injini ikafa palibe wokam'dandaulira.

Kwa anyamata a kabaza yankho limapendekera mbali ina, ndipo wotchipa akhoza kupambana. Njinga ngati Boxer, TVS kapena Lifo ndi ya four-stroke, imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi, ndipo oyilo yemweyo amasambitsa injini, magiya ndi kilatchi. Chizindikiro chofunika ndi JASO MA kapena MA2, mlingo wa ku Japan umene unayamba mu 1998, wotsimikiza kuti kilatchi siiterera. Oyilo wina wa galimoto zamakono, ngakhale wodula, ali ndi mankhwala owonjezera kuterera amene amawononga kilatchi ya njinga. Pa misewu ya fumbi ya Mchinji, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, oyilo amada msanga, ndipo palibe dzina limene limachotsa mchenga umene walowa. Oyilo wa mtengo wapakati, wa 20W-50 ndi JASO MA, wosinthidwa pa nthawi yake pamodzi ndi kutsuka sefa ya mpweya, amasunga njinga kuposa wodula amene mwini wake akum'kokera miyezi chifukwa chomva kuwawa mtengo. Chimodzimodzinso chigayo cha dizilo: chimafuna chilembo cha C ndi kusintha kosadumphitsa.

Maboti a injini za four-stroke, amene amaoneka kwambiri kwa onyamula alendo ndi m'mabungwe, ali ndi mlingo wawo wotchedwa FC-W, wochokera ku bungwe lomwe lija la TC-W3. Umalimbikira kwambiri pa kuletsa dzimbiri, poti injini yokhalira pa madzi imamwa chinyezi. Mabuku ambiri amalamula kusintha oyilo pakatha maola 20 oyamba, kenako maola 100 aliwonse.

Pali oyilo winanso amene amaiwalika pa mkangano wonsewu, wa magiya a kumunsi kwa injini, pafupi ndi chopalasira madzi. Kawirikawiri ndi SAE 90, ndipo ndi wochepa kwambiri moti mtengo wake sudetsa nkhawa. Ulusi wa ukonde kapena wa mbedza ukakulungika pa shafuti umadula labala yotsekera, madzi n'kulowa. Oyilo akatuluka woyera ngati mkaka pom'khetsa, madzi alowa kale, ndipo magiya ali pa ulendo wopita kukaphwanyika. Mwini boti akhoza kugula Yamalube chaka chonse n'kutaya injini chifukwa cha kaulusi kamene sanakachotse.

Oyilo yense wa two-stroke amathera m'madzi ndi mumpweya, poti utsi wa injini ya boti umatulukira pansi pa madzi. Injini za kabuleta zimatayanso gawo la petulo wosapsa, ndipo n'chifukwa chake zinaletsedwa pa nyanja ya Tahoe ku America mu 1999. Pa nyanja ya Malawi injini zimenezi ndizo zikudyetsa mabanja, ndipo sizichoka posachedwa, koma oyilo woyenera pa muyeso woyenera amachepetsa chimene chimatsala pa madzi amene anthu a m'mbali mwa nyanja amamwa ndi kusambamo. Kumtunda, oyilo wakuda wochotsedwa mu njinga ndi m'zigayo ena amapaka pa mitengo ya denga poopa chiswe, ngakhale kuti ndi woopsa pakhungu la munthu, ndipo botolo lotha limatoledwa ndi amene akudziwa kumene akaligulitse. Kuliboola kapena kulidula pakati lisanatayidwe kumatenga kamphindi, ndipo botolo lodulidwa silingabwererenso pa shelefu. Oyilo wotsala amene amakhuthulidwa kuseri kwa magalaja, mvula ya Disembala ikam'kokolola, amalowera m'makwawa othira mu Rusa ndi mu Bua, mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswana zikachoka m'nyanja.